Njinga Imene Ba Mubita Sanaikonze

Ku Dambwa North, munthu akaphulitsa tayala la njinga sankafunsa kolowera. Aliyense ankaudziwa mtengo wa mango wa pakona, pamene Ba Mubita ankakhala ndi mpope, beseni la madzi akuda ndi bokosi la masipanala. Anakhala pamenepo zaka zoposa makumi awiri, chichokereni ku ntchito ya njanji. Manja awo anali odalitsika, koma pakamwa ndiye panali pakuthwa, makamaka nkhani ikakhudza galimoto.

Kwa iwo mlandu unali wachidule: wogula galimoto ndi waulesi ndiponso wonyada, basi. Amene ankalawa kwambiri lilime lawo anali Titus, mnansi wawo woyendetsa takisi.

“Ba Titus, mimba iyo ni ya motoka,” ankatero akamuona akudutsa. “Mulungu anakupasani mendo, imwe mwasankha mawilo.”

Titus ankangoseka n'kuliza hutala.

Miyoba, mwana mmodzi yekhayo wa Ba Mubita, anapeza ntchito yophika pa loji ina kufupi ndi Simonga. Alendo kumeneko amadya m'mamawa asanapite kukaona nyama, choncho wophika ayenera kufika dzuwa lisanatuluke. Nthawi imeneyo basi kulibe. Minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo ikamadzaza tiyi wa alendo amakhala atazizira kalekale. Miyoba anayamba kukamba zogula kagalimoto kakale.

“Mwana wa Mubita pa motoka?” anakalipa bambo ake. “Banthu bazaniseka komboni yonse.”

Sabata yathunthu anakana makasitomala, akumanga njinga ya mwana wawo. Anaika tcheni chatsopano, nyali kutsogolo, n'kuipaka utoto wobiriwira. Inali njinga yabwino, tisaname. Miyoba anailandira ndi manja awiri, poti ankawakonda bambo ake ndipo sanafune kuwachititsa manyazi.

Msewu wa ku Simonga umadutsa m'nkhalango ya nyama, ndipo m'miyezi yachilimwe njovu zimauwoloka popita kumtsinje. Apanjinga ali ndi njira yawo: amaima polowera m'nkhalangomo, kudikira galimoto, ikabwera amapalasa mwamphamvu pambuyo pake kuti phokoso lake liwatetezeko. Ba Mubita eni ake ndiwo anamuphunzitsa Miyoba zimenezi, osaona n'komwe kuti akumuuza abisale kumbuyo kwa chinthu chimene iwo ankachitukwana tsiku ndi tsiku.

Tsiku lina mu Ogasiti galimoto sinabwere. Miyoba anadikira, nadikira, kum'mawa kukufiira, mpaka mantha a ntchito anaposa mantha a njovu. Analowa yekha. Pa kamtsetse anakumana ndi njovu yokhala ndi mwana. Anadziponya m'ngalande, mwendo n'kuthyoka pawiri, ndipo njovuyo inathera ukali wake pa njinga. Amene anamupeza akubuula, n'kumunyamula mpaka kuchipatala, anali Titus, akuchokera kokasiya alendo.

Njinga ija anthu anaibweretsa pansi pa mango, itapindika ngati waya woyanikira zovala. Ba Mubita anakonzapo njinga zogundidwa ndi malole, zina zomira m'matope, koma iyi sanaikhudze. Anaitsamiritsa pamtengo, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba kuiona iyo asanatsegule bokosi lawo. Nthabwala zinauma. Mtima unkawawawa, ndipo manyazi ankawadya koposa.

Masana ena Titus anaimika takisi yake, nakhala pa chitsa pafupi nawo.

“Ba Mubita, musazipaye na maganizo. Mulandu si wanu. Kuseni, kukali mudima, kulibe basi, njila ya njinga kulibe, nchito bafuna five koloko. Munthu azachita bwanji?”

Ba Mubita anayang'ana njinga yopindika ija.

“Basi kulibe, ni zoona,” anatero. “Koma njinga ninamanga ndine.”

Patapita miyezi isanu Miyoba anayambanso kuyenda, motsimphina pang'ono, ndipo kutsimphinako sikudzatha. Kagalimoto kaja anagula. Ulendo uno bambo ake sanamuletse. Tsiku lobwerera ku ntchito, Miyoba anagogoda pa chitseko chawo kukali chisisira.

“Ba Tata, tiyeni muniperekeze.”

Ba Mubita anakhala kutsogolo, mawondo atagunda, chipewa chili pa miyendo, ngati mlendo m'nyumba ya eni. Atafika polowera m'nkhalango, nyali za galimoto zinawalira anthu asanu ndi awiri ataima m'mbali mwa msewu ndi njinga zawo, akudikira. Ba Mubita anawadziwa onse. Uyo anali Njekwa, mlonda, amene anamuikira mabuleki sabata yatha. Uyo anali Lonah wochapa zovala za alendo, tayala lake lakumbuyo lili ndi zigamba zinayi, zonse za manja awo. Zaka zonsezi ankawatama anthu amenewa kuti ndi olimba mtima, osanyada. Lero anaona nkhope zawo bwinobwino: anali anthu amantha, osowa chokwera.

“Imilila, tibatenge,” anatero.

“Malo ni ya batatu chabe, Ba Tata. Nanga manjinga?”

Ba Mubita anasuzumira pazenera. Kunja, anthu aja anali atakwera kale njinga zawo, phazi limodzi pansi, maso pa galimoto.

“Manje yenda pang'ono pang'ono,” anatero Ba Mubita. “Usabasiye.”

Miyoba anayendetsa pa liwiro la njinga nkhalango yonse. Bambo ake sanayang'ane kutsogolo ngakhale kamodzi. Anatembenukira kumbuyo, akuwerenga tinyali ta njinga zija, kuona ngati tikadali tisanu ndi tiwiri.