Nyundo ya Agogo Sepi

Ndikawakumbukira Agogo Sepi, makutu ndi amene amayamba: gu, kenako zii, kenako gu, kugogoda kwa kanyundo kamtengo kamene anamangirira pakhonde la fulati yawo ku Al Mankhool, kukusakanikirana ndi mahutala a matakisi mumsewu ndi fungo la chapati lochokera kukashopu ka pansi. Chitseko chawo chinayang'anizana ndi chathu. Ukachitsekula unkalandiridwa ndi fungo la matabwa ongopala kumene, khofi wowira mopitirira, ndi tchizi china chonunkha ngati sokosi za mwana wasukulu, chimene iwo ankadya atatsinzina ndi kukoma.

Sanali agogo anga enieni. Anali mzungu wa ku Switzerland, wamtali, wopindika msana, wa zikhatho zazikulu zokhakhala. Agogo anga enieni anali ku Ntcheu, ndipo ndinkangowadziwira pafoni, nkhope yodukaduka netiweki ikavuta, pakuti ine ndinabadwira ku Dubai konkuno. Amayi anali namwino, Ababa akauntanti, onse obwera dzuwa litalowa. Mwana wa Agogo Sepi, Anti Vreni, ankagwira ntchito m'ndege ndipo ankatha masiku osaoneka. Akuluakulu anagwirizana kuti ndikaweruka kusukulu ndizikhala kwa Agogo. Amayi anandiuza kuti, "Maya, uziwayang'anira agogowo." Anti Vreni anauza bambo awo kuti aziyang'anira ine. Mpaka lero sindidziwa amene ankalera mnzake.

Chimodzi chokha ndinkachidziwa bwino. Agogo anali atasowapo kamodzi, n'kukapezeka pasiteshoni ya sitima ya metro atavala nsapato zawo zokwerera mapiri. Ndinamva ndi makutu anga Anti Vreni akuuza Amayi pakolido kuti, "Akadzangotulukanso okha, khalas, zatha basi, ndikuwabweza kwathu, akakhale kunyumba yosungirako okalamba." Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa agogo oti n'kuwagwira dzanja ndinali ndi amenewa basi.

Chingelezi chawo chinali chothyokathyoka, ndipo nkhani anali nayo imodzi yokha, ya mudzi wawo. Ankaikamba akupala thabwa, ine ndikusesa zopalidwazo, ndipo tsiku lililonse inkandisokoneza kuposa dzulo lake.

"Kwathu mvula ndi yosowa," anatero tsiku lina.

"Ku Ulaya? Aphunzitsi akuti kumagwa mvula daily."

"Kwa anzathu. Ife mapiri amatilanda mitambo isanatifike. Timangoona ikugwa kutsidya."

Mudziwo, ankati, unakangamira pambali pa phiri, mbali yoyang'ana dzuwa, pamalo potsetsereka moti nkhuku ikaikira dzira amadya ndi aneba a kumunsi. Komanso sunali mudzi umodzi, unali mudzi wosanjikizana. Pansi, pafupi ndi mtsinje, panali minda ya mphesa ndi tinyumba take. Pakati panali tchalitchi ndi nyumba zenizeni zamatabwa akuda. Pamwamba, kumene mitengo imathera, kunali msipu wa ng'ombe. Nyengo ikasintha anthu ankasamuka, kukwera kapena kutsika, ndi mabulangete, nkhumba, mphunzitsi ndi wansembe yemwe. Ine, amene phiri ndinali ndisanalipondepo, ndinkangoona nyumba yathu yosanja ija, anthu akukanganirana lifiti ndi ng'ombe.

Koma mtima wa nkhaniyo unali madzi. Mtsinje unali pansi, ndipo madzi sakwera phiri. Pamwamba penipeni panali chimulu cha madzi oundana chimene sichinkatha kusungunuka chaka chonse. Ndiye makolo awo, kalekale, anagoba mitengo ngati mabwato, n'kuilumikiza, n'kuipachika pathanthwe, pansi pali phompho, kuti ikhale ngalande yotengera madziwo kuminda. Dzinja lawo lozizira likatha, banja lililonse linkapereka mwamuna mmodzi wokakonza pamene pagumuka, ndipo sikuti onse ankabwerako. Madzi ankagawana mosinthana. Nthawi yako ikakwana unkadzuka ngakhale pakati pa Misa, n'kukatsekulira munda wako, ndipo wansembe sankakuyang'ana n'komwe.

Bambo awo a Agogo ndiwo anali mlonda wa ngalandeyo. Pangalande panali kagudumu kozunguzidwa ndi madzi, kamene kankanyamula nyundo yamtengo n'kuigwetsera pathabwa, usana ndi usiku, mpaka kumveka kumudzi.

"Ikamalira, gona," ankatero Agogo, chala chili m'mwamba. "Ikakhala chete, vala nsapato. Pathyoka penapake."

Apa ndiye mutu unkandizungulira. Ife tinali m'chipululu, kopanda mtsinje, kopanda mvula, koma ukapotokola mpopi madzi ankangoti waa. Iwo anali ndi mtsinje kumapazi, madzi oundana kumutu, koma anthu ankafera madzi. Ndinawafunsa Amayi kuti zimenezi zikutheka bwanji. Anandiyang'ana atatopa, yunifolomu isanavulidwe. "Iwe, za azungu usazitengere kumtima. Yalla, fulumira, kasambe."

Ndinakafufuza mudziwo pamapu a kusukulu, dzina ndinalitchula mmene anandiphunzitsira, koma panalibe. Ndinabwerako nditakwiya, poganiza kuti akhala akundinamiza. Iwo sanatsutse. Anandiuza kuti atakula, kunabwera makina n'kuboola phiri, madzi anayamba kudutsa m'paipi, ngalande ija inasiyidwa kuti iwole. Achinyamata anatsikira kuchigwa kukagwira ntchito m'mafakitale, sukulu inatsekedwa, ndipo pamapeto pake mudziwo unaphatikizidwa ndi midzi yoyandikana nayo, yomwe ija ankalimbana nayo za madzi kuyambira nthawi ya makolo, n'kupatsidwa dzina latsopano.

"Ndiye mudzi wanuwo ulipo kapena kulibe?"

"Nyumba zilipo."

"Anthu?"

"Amabwera pa holide."

Madzulo ndinawafunsa Ababa ngati mudzi umatha. Anatsitsa foni n'kundidabwa. "Ungathe bwanji manda alipo?" Sindinadziwe woti ndimukhulupirire, ndipo ndinangogona nazo.

Kanyundo ka pakhonde kaja anakapanga okha. Makina oziziritsa m'nyumba, AC, amadontha madzi pakapaipi kake. Agogo anatchera kachikho kamtengo pansi pake. Kakadzaza kankapendekeka, n'kunyamula nyundo, n'kuigwetsa. Aneba a pansi ankadandaula kwa mlonda wa nyumba yathu, mlonda n'kubwera kudzapempha mwaulemu, Agogo n'kumupatsa khofi ndi tchizi chija, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la holide, m'miyezi ija yotentha imene ngakhale amphaka a mumsewu sayenda masana. Titadya, Agogo anagona pampando, ine ndinali pansi ndikujambula. Sindinazindikire kuti AC yazima. Ndinangomva thukuta kumsana, ndipo nditadzutsa mutu ndinawaona ataima pakhomo, nsapato za mapiri kumapazi, chipewa kumutu, ndodo m'manja. Anayankhula kaye chinenero chakwawo, mofulumira, kenako anati, "Yakhala chete. Pathyoka."

Ndinamvetsera. Inalidi chete.

Mawu a Anti Vreni anandibwerera nthawi yomweyo, ndipo ndinawaganizira mofatsa monga mmene mwana amaganizira. Anati akadzatulukanso okha. Ndikapita nawo, ndiye kuti sali okha. Ndinavala masilipasi, n'kudziona kuti ndine wanzeru kwambiri.

Lifiti anaikana. Anati woyendera ngalande amayenda wapansi, ndipo amalowera kumtunda kumene madzi achokera. Tinakwera masitepe a kuseri, mmene munalibe mpweya, monunkha fumbi ndi penti. Pansanjika iliyonse ankaima n'kugunditsa khutu pamapaipi a kukhoma, ine n'kugunditsanso langa, osadziwa kuti tikumvera chiyani. Ankapuma mwaphuma, malaya atanyowa, koma mapazi ankaponda motsimikiza kuposa mmene ndinkawaonera m'nyumba. Kamodzi anatembenuka n'kunditchula dzina lina, la munthu amene sindinkamudziwa. Ndinavomera.

Titatsekula chitseko cha padenga, kutentha kunatimenya kumaso ngati watsekula uvuni. Panali mathanki oyera a madzi, madishi a TV, ndi makina ambirimbiri akung'ung'udza. Agogo anatsata paipi imodzi yaikulu, akuisisita ndi dzanja ngakhale inkawotcha, mpaka kukafika pakakhoma ka m'mphepete. Pamenepo anaimika mutu n'kuyang'ana uku ndi uku: nyumba zosanja, zikwangwani, nsanja zazitali za kutali zikuoneka mwa chizimezime m'fumbi lotuwa.

"Mapiri awapititsa kuti?"

Ndinayang'ananso ine, ngati kuti mwina analipo dzulo. "Agogo, kuno ndi ku Dubai."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo maso awo anali bwinobwino, maso omwe aja ankandigwira nawo ndikabera pamasewera a makadi. "Ndikudziwa, mwana iwe," anatero motsitsa. "Ndikudziwa bwino lomwe."

Kenako anakhala pansi pamthunzi wa thanki, nkhope itafiira, ndipo nditawakoka dzanja sanadzuke. Ndinatsika masitepe onse aja ndikulira, silipasi imodzi n'kutsala m'njira. Mlonda anathamanga ndi botolo la madzi, akufuula m'chinenero chakwawo kuti, "Baba, pani, pani!" kutanthauza madzi, n'kuwabereka kumsana mpaka mulifiti. Amayi anaitanidwa kuntchito, anawapukuta ndi matawulo onyowa, ndipo pofika madzulo Agogo anali atakhala tsonga akupempha khofi.

Anti Vreni atabwerako ku ulendo wawo, anadzakhala pabalaza pathu, chikwama chili pamiyendo. Anandiitana. Amayi anati, "Fotokoza zonse, usawonjezere, usachotsere."

Ndinafotokoza ndi mtima wonse, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikuwapulumutsa. Ndinayamba ndi mfundo yaikulu, yakuti sanatuluke okha. Ndinati nyundo inakhala chete, ndipo nyundo ikakhala chete munthu amavala nsapato. Ndinati tinalowera kumtunda chifukwa ngalande imathyokera kumeneko, ndipo tinamvetsera mapaipi onse bwinobwino. Ndinanenanso za mapiri. Ndinkati ndikawonjezera chiganizo, Anti Vreni n'kuwonjezera misozi. Ine poona choncho n'kufotokozanso mwatsatanetsatane kuti amvetse. Amayi anangoyang'ana pansi.

"Koma AC inafadi!" ndinatero. "Ndiye cholakwika n'chiyani?"

"Basi, mwanawe, wanena," anatero Amayi m'Chichewa. "Khala chete tsopano."

Mlandu unatha choncho. Agogo azipita. Masabata otsatira ndinkapita kwa mayi wina wa ku Zambia wa pansanjika ya pansi, ndipo ndinanyanyala, osayankhula ndi wamkulu aliyense kupitirira moni. Ndinawakwiyira Anti Vreni chifukwa chophwanya mawu awo omwe, ndinawakwiyira Amayi chifukwa chosandithandiza, ndipo pansi pa zonsezo ndinali ndi chisoni choti sindinkadziwa pochiika.

M'mawa wa tsiku lonyamuka anagogoda pakhomo pathu. Ndinkayembekezera kuona munthu wosweka mtima. Ndinaona nkhalamba yometa bwino, ya jekete, ikumwetulira ngati mkwati. Anawagwira Ababa dzanja, anawathokoza Amayi, kenako anawerama mpaka nkhope yawo inafanana ndi yanga, n'kunong'ona kuti Anti Vreni asamve.

"Maya, unafotokoza bwino kwambiri. Ine ndakhala ndikumupempha Vreni kuyambira kalekale kuti andibweze kwathu, osandimvera. Iwe wangoyankhula kamodzi."

Ananditsinzinira diso limodzi. Ndiye kuti ankadziwa? Masitepe aja, makutu pamapaipi, funso la mapiri, zonsezo anachita kukonza? Ndisanawafunse, lifiti inatseguka, iwo analowa, ndipo ndinawamva akufunsa Anti Vreni, ndi nkhope yodera nkhawa zenizeni, ngati anyamata atsitsa kale ng'ombe kuphiri. Chitseko chinatsekeka.

Sanabwerere m'mudzi mwawo mwenimweni. Nyumba ya okalambayo inali m'tauni ya m'chigwa, ndipo anamwalirira kumeneko patapita nthawi. Anti Vreni anauza Amayi kuti pawindo la chipinda chawo Agogo ankaona mbali ya phiri pamene pali mudziwo, ndipo ankakana kuti anamwino atseke katani. Amayi amati mutu wa Agogo unali utasokonekera basi, ndipo iwo ndi namwino wakale, amadziwa. Ababa amati nkhalamba ija inatipusitsa tonse. Ine ndinali nawo padenga paja, ndinawaona m'maso, koma ndikanama nditanena kuti ndikudziwa.

Lero nanenso ndine namwino. Ndimayendera okalamba m'nyumba zikuluzikulu za ku Mirdif, ku Dubai konkuno, ambiri a iwo obweretsedwa kuno ndi ana awo kuchokera kumayiko akutali. Anawo amandikokera pambali pakolido n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Sister, mutu wawo ukugwira koma?" Ndimachedwa kuyankha, mpaka ena amaganiza kuti ntchito sindiidziwa. Ndimawapempha kuti andidikire, ndimabwerera m'chipinda, n'kukhala pambali pa bedi, n'kufunsa mwiniwakeyo kumene akufuna kupita. Ena saidziwa nkhope ya mwana wawo, ena sadziwa ngati adya kapena ayi. Koma pafunso limenelo sindinapezebe amene anasochera.