Dzina Lomwe Linabalalitsa Asilikali

Inu owerenga, ine ndinalakwitsa pa mwambo wokumbukira malemu amuna anga, ndipo ndati ndikuuzeni kuti nanunso zisadzakuonekereni. Ndinaitana akuluakulu awiri a asilikali kuti adzayankhule, osayamba ndawafunsa zimene adzanene.

Amuna anga anali a ku Angonia, tsidya lina la malire. Analowa usilikali nkhondo ya ku Mozambique itatsala pang'ono kutha, kenako anatulukira ku Dedza, kumene tinakwatirana. Dzina lawo lobadwa nalo linali Thawani, koma sankafuna kulimva n'komwe. Kuno kunja ku Leicester, kumene tinasamukira, aliyense ankawadziwa kuti a Wiliyamu otsuka mabasi. Za nkhondo sankakamba. Akakhuta ankangonena kuti, "Mayi a Chikondi, dzina langa lokha linabalalitsa gulu lonse la asilikali." Ine ndinkati adani ankawaopa choncho.

Mwana wathu wamwamuna, Chikondi, anakulira konkuno. Ukamuyankhula m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, ndipo bambo ake ankangowaona ngati nkhalamba yonunkha sopo. Zimenezi zinkandiwawa. Choncho chitatha chaka chimwalirireni, mkazi wa Chikondi ali woyembekezera, ndinafuna kuti Chikondiyo amve ndi makutu ake kuti anabadwa kwa ngwazi.

Ndinabwereka holo ya tchalitchi ku Highfields. Ndinaitana a Meja Gama, amene amasungidwa ndi mwana wawo namwino ku Evington, ndi a Kaputeni Sitolo a ku Derby. Onse awiri ankalamulira gulu la amuna anga. Chimene sindinkadziwa n'chakuti sanapatsanepo moni chithereni nkhondo.

Anayamba ndi a Meja. Anati gulu lawo linatumidwa kukalanda mlatho, iwo kutsogolo, a Kaputeni kumbuyo, ndipo zikanatheka pakanapanda anthu ena amantha. Apo a Kaputeni anadzuka ndi ndodo zawo ziwiri.

"Achimwene, bodza pamaso pa namfedwa ayi. Anakuwa kuti tithawe ndani?"

"Ine ndinkaitana wonyamula wailesi! Malemu omwewa!"

"Ndiye munthu wa dzina lotero mumamuitana mokuwa adani ali pafupi?"

"Nanga dzinalo ndinamupatsa ndine?"

Pamenepo m'pamene nkhani yonse inatuluka. Amuna anga ndiwo ankanyamula wailesi yoyankhulirana, koma tsikulo anatsalira m'mbuyo kuthyola nzimbe m'munda wa eni. A Meja atafuna wailesiyo anaitana koyamba, zii. Anaitananso mwamphamvu. Asilikali atamva mkulu wawo akukuwa kuti thawani, sanafunse zambiri. Anataya mfuti n'kuliyatsa liwiro, a Kaputeni patsogolo pa onse, nsapato imodzi m'manja. Amuna anga ataona anzawo akubwera chothamanga, nawo anatembenuka, nzimbe kukamwa, ndipo sanaime mpaka ku Dedza. Adani sanawombe ngakhale chipolopolo chimodzi.

Ine ndinangozyolika. Kumuyang'ana Chikondi ndinalephera.

Koma a Meja anali asanamalize. Pofuna kuonetsa kuti kuitana munthu ndi kulamula asilikali zimamveka mosiyana, anayandikiza maikolofoni pakamwa.

"Ine ndinati chonchi: Thawani! Thawaniii!"

Azimayi amene ankakazinga mandasi kukhitchini sanamve chiyambi cha nkhaniyi. Anangoti moto wabuka. Mmodzi anadina belu la moto, wina anatuluka ndi chipande akukuwa. Anthu a m'holo, omwewo amene anali atangomva nkhani yonse, ataona azimayi akuthawa nawonso anadzambatuka. Musandiseke, inu owerenga, ine ndemwe ndinathawa, chithunzi cha malemu m'khwapa. Tinakaima mumsewu mvula ikuwaza, eni mashopu akutiyang'ana. A Kaputeni tinawapeza ali kale pamalo okwerera basi, ndodo zonse ziwiri atazisiya m'holo. A Meja anatsala okha m'katimo akuitana kuti tibwerere, ngati kale lija.

Ozimitsa moto atabwera, anafunika munthu wowafotokozera m'Chingerezi. Ndinamufunafuna Chikondi n'kumupeza atatsamira khoma, akuseka mpaka misozi. Kenako kuseka kuja kunasanduka kulira, kulira kwenikweni kumene sanalire tsiku la maliro. Anatenga chithunzi chija, n'kuchipukuta madzi ndi malaya ake, ndipo anandiyankhula m'Chichewa chake chopindikacho: "Amayi, adadi sananame."

Ndinkafuna kuti awaope, iye anangowakonda. Mwina n'zabwino. Koma mtengo wake ndi uwu: mwana atabadwa wamwamuna, Chikondi anamutcha Thawani. Ndinachonderera kuti akhale Limbani kapena Imani, anakana.

Tsono inu owerenga, makamaka amayi anzanga amasiye, msilikali wakale musamupatse maikolofoni musanamve nkhani yake panokha, ndipo akakhala awiri, wina mudzamuitane chaka chinacho. Mwamuna akamadzitama ndi mawu amodzi omwewo, funsani akadali moyo kuti anabalalikawo anali a mbali iti. Ndipo potcha ana mayina, ganizirani kuti tsiku lina mudzawaitana pagulu. Mdzukulu wanga wayamba kuthamanga tsopano. Akalowera kumsewu pochokera kutchalitchi, ine ndimangomuthamangira ndi mawondo angawa, pakamwa nditatseka, chifukwa nditayesa kumuitana kamodzi, abusa anadumpha mpanda.