Mkamwini Amene Anapita ndi Gitala

A Jesinta amakhala kumapeto kwenikweni kwa mudzi, kumene njira ya anthu otola nkhuni imalowera m'nkhalango ya Chongoni. Zaka zawo zayandikira makumi asanu ndi awiri. Amalima kachewere ndi nyemba, ali ndi kadimba ka kabichi kumtsinje, ndipo Loweruka lililonse amakasesa kutchalitchi. Anthu amawadziwa kuti ndi mayi osalankhulalankhula. Achinyamata ambiri m'mudzimo amaganiza kuti amuna awo anamwalira kalekale, ndipo iwo sanavutikepo kuwawongolera.

Anakwatiwa mu 1977 ndi Alufeo, mnyamata wa ku Mayani, amene anabwera chikamwini ndi bulangeti limodzi ndi gitala yopanga yekha ndi chigubu cha mafuta. Khasu silinkamuyanja. Mizere yake inkakhota moti amalume a Jesinta ankaima m'mbali mwa munda n'kumangopukusa mutu. Koma akakhala pakhonde ndi chigubu chakecho, amayi opita kumadzi ankatula ndowa pansi. Mulungu anawapatsa mwana mmodzi, Kumbukani.

Mwanayo ali ndi zaka zitatu, ku Boma kunabwera gulu loimba la Mphenzi Band, la magitala amagetsi olira ngati bingu. Alufeo anapita kukaonera ndipo anakhalako sabata yathunthu. Atabwera anapinda bulangeti lake n'kunena kuti amutenga m'gululo, akapeza nyumba ku Blantyre adzatuma uthenga. Makalata anabwera awiri. Kenako kunangotsala wayilesi. Nyimbo za gululo zikamalira, a Jesinta ankaizindikira gitala ya amuna awo pakati pa zida zonsezo, monga mayi amazindikirira kulira kwa mwana wake pagulu.

Amuna awiri anabwera kudzafunsira mbeta, onse anawabweza. Kumbukani anakula, anaphunzira kuyendetsa lole, ndipo mu 2006 anadwala miyezi inayi n'kumwalira asanakwatire. Uthenga wa maliro anaulengeza pawayilesi masiku awiri. Bambo wake sanaoneke.

Chaka chatha, mwezi wa Julaye kukuzizira koopsa, a Jesinta anapita kuchipatala cha ku Boma kukatenga mankhwala a miyendo. Potuluka anaona chipepala chomatidwa pamtengo, pali nkhope za madala anayi. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pazilembo. Mphenzi Band yabweranso patatha zaka zambiri, idzaimba muholo ina pa Boma pomwepo Lamulungu, kuyambira 2 koloko masana. Wachitatu pachithunzicho anali ndi imvi mutu wonse, koma makutu otambalala aja anali omwewo.

Sanauze munthu. Lamulungu itatha Misa yoyamba anavala majuzi awiri, anayenda wapansi mpaka kumsewu waukulu n'kukwera minibasi.

Holoyo sinadzaze. Kutsogolo kunali aphunzitsi opuma ntchito ndi akazi awo, ena atavala masuti onunkha m'sutikesi. Kumbuyo kunali achinyamata ochepa atakweza mafoni m'mwamba. A Jesinta anakhala pampando wa kukhoma, ndipo mipando iwiri yoyandikana nawo inakhala yopanda munthu mpaka kumapeto.

Madala aja analowa mochedwa. Woimba ng'oma anali ndi chipewa chaubweya chophimba makutu. Wotsogolera nyimbo, a Bonifasi, ankayendera ndodo, ndipo ndi dzanja linalo anagwira a Alufeo pamkono, kuwalondolera mpaka pampando. Apo m'pamene a Jesinta anazindikira kuti amuna awo sakuona. Anawaika gitala pamiyendo, iwo n'kuisisita kufunafuna nsambo.

Atangoikhudza, holo yonse inanjenjemera. Zala zokhwinyata zija zinathamanga ngati za mnyamata. Mawu a Bonifasi anali atasasa, pokweza ankalephera n'kulozera anthu kuti amalize okha, ndipo anthu ankamalizadi mokuwa. Mphunzitsi wina wadazi anavula jekete n'kuyamba kuvina, mkazi wake akumukoka malaya uku akuseka. Nyimbo yachinayi a Jesinta anaidziwa isanafike pakati. Inayambira pakhonde pawo, pachigubu chija, iwo akusenda nyemba ali ndi pakati. Anatembenuka kuti auze wina, koma amene anali pafupi anali mtsikana wosamudziwa, maso ali pafoni. Anabweza manja m'chitenje n'kumvetsera mpaka inatha.

Zoimba zinatha dzuwa likadalipo. Anthu anakhamukira kutsogolo kukajambulitsa ndi a Bonifasi. A Alufeo anatsala okha pampando, akupukuta gitala ndi kansalu. A Jesinta anaima kaye pakhomo nthawi yaitali, kenako anabwerera.

"Mwaimba bwino," anatero.

"Zikomo, mayi. Mwachokera kuti?"

"Ku Chongoni."

Kansalu kaja kanaima. A Alufeo anapendeketsa mutu, kutchera khutu kumene kunachokera mawuwo.

"Tanenaninso."

"Ndati ku Chongoni."

"Amake Kumbukani?"

"Ndine."

"Muli moyo," anatero a Alufeo, motsitsa mawu ngati akudziuza okha. Anatambasula dzanja m'malere, ndipo a Jesinta analigwira. Linali lozizira, nsonga za zala zili gwa. "Nanga mnyamata? Panopa ndi bambo wamkulu."

"Tinamuika mu 2006. Tinalengeza pawayilesi."

Kumbuyo kwawo anthu ankanyamula zokuzira mawu kupita nazo kugalimoto, wina akuimba mluzu.

"Chaka chimenecho ndinali ku Tete," anatero a Alufeo. "Sindinamve. Palibe anandiuza. Ankaimba?"

"Ayi. Ankayendetsa lole. Koma kayendedwe kanali kanu, phewa limodzi kutsika."

A Alufeo anaseka pang'ono, misozi ikutsika m'maso oyerawo, osaipukuta. Anafotokoza kuti amakhala ku Ndirande kwa mwana wa mlongo wawo, kuti maso anayamba kuchita chifunga zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. A Jesinta anawauza kuti amalume aja anapita, ndi kuti mtengo wa pichesi wa kuseri kwa nyumba unagwa ndi mphepo. Mawu amene anawasunga zaka makumi anayi, amene ankawayeseza akulima okha kumunda, sanabwere. Amene anali patsogolo pawo anali nkhalamba yongofunika kuigwira dzanja potsika masitepe.

"Alufeo, tiyeni, Lilongwe ndi kutali!" anaitana a Bonifasi ali pakhomo.

"Ndikufuna ndidzafike pamanda," anatero a Alufeo akuimirira.

"Mukadzabwera mudzabwere mvula isanayambe. Njira ija imaterera."

A Jesinta anawatsitsa okha masitepe atatu aja mpaka pagalimoto. Itanyamuka, a Alufeo anakweza dzanja kutsazika, koma analozetsa mbali imene kunalibe munthu.

A Jesinta anafika kumudzi nkhuku zikulowa. A Victoria, oyandikana nawo nyumba, anafunsa kumene anaswera tsiku lonse.

"Ku Boma," anayankha, n'kulowa m'nyumba.

Ogasiti anadutsa ndi fumbi lake, Seputembala, Okutobala. Galimoto ikamveka kumunsi kwa mudzi a Jesinta ankaimika khasu, kenako n'kupitiriza. Pa 2 Novembala, tsiku limene akhristu amapita kumanda a kutchalitchi kukapempherera omwalira, iwo analawirira ndi tsache wansembe asanafike. Anazula udzu pamanda a Kumbukani, anasesa masamba, n'kukhala pansi atatambasula miyendo.

"Ndinawaona bambo ako," anatero. "Akalamba. Akuti sanamve."

Anakhalabe pomwepo mpaka anamva anthu akubwera ndi nyimbo kuchokera kutchalitchi. Anadzuka, anakutumula chitenje, n'kukaima kumbuyo kwa mzere.