Phulusa Limatsogola

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, mwezi wa Novembala, dzuwa likuswa mtengo kwathu kwa Kanduku. Dimba la amayi linali pakachilumba, pomwe mtsinje umagawikana pawiri n'kukakumananso kumunsi. M'chilimwe madzi ankalekeza m'kakolo, oyera, ndere zobiriwira zitayanga m'miyala. M'dzinja ankafiira ndi dothi la m'minda, atasenza mapesi ndi masamba a misuku. Ine ndinkangodziwa nkhope ziwiri zokhazo za mtsinje wathu.

Tsikulo kumwamba kunali mbee. Amayi ankathyola matimati, mlongo wanga Yamikani, wa zaka ziwiri, atagona pa chitenje cha chipani chomwe amayi analandira kumsonkhano. Ntchito yanga inali kutunga madzi othirira mumtsinje ndi kheni. Masilipasi anga atsopano, omwe bambo anandigulira ku Zobue, ndinawasanjika pamwala kuti asade.

Ulendo wina kheni inatuluka ndi madzi akuda. Pamwamba pankayandama timaudzu topserera, ndipo fungo lake linali la lupsa.

"Amayi, madzi ada. Wina akutsuka mapoto kumtundaku."

"Mapoto angati odetsa mtsinje wonse? Tabwera nayo kuno."

Anapisa dzanja m'kheni n'kufikisa zinyalalazo ndi zala. Zala zinada bii. Kenako anayang'ana kumapiri a kumalire, komwe anthu anali atatentha tchire posaka mbewa. Kutali uko kunali kamtambo kamodzi basi.

"Dzutsa mwana."

"Nanga matimati?"

"Iwe Tamala, ndati dzutsa mwana!"

Anamubereka kumbuyo akuyenda kale, dengu lodzaza atalisiya pamzere. Pofika powolokera, madzi aja a m'kakolo anali m'maondo mwanga, ofunda, a thovu. Kumtunda kunkamveka chimkokomo ngati thiraki yotsika mtunda. Apo m'pamene ndinakumbukira masilipasi. Ndinapulumutsa dzanja langa m'dzanja la amayi n'kutembenuka.

Mbama inandipeza ndisanaponde kawiri. Amayi anali asanandimenyepo kumaso. Anandigwira pamkono n'kundikokera m'madzi, ine ndikulira masilipasi, Yamikani akulira zake. Pakatikati madzi anandifika m'chiuno, timakala tikundigunda m'ntchafu. Phazi la amayi linaterereka pa ndere, anagwada bondo limodzi, miyendo ya mwana n'kumira. Sanandisiye. Anadzuka, tinakwawa mtunda wa tsidya lakwathu titagwira mabango.

Titacheuka, madzi akuda anali atakwera pachilumba, akugubuduza zitsa. Dengu lija linazungulira kamodzi, matimati n'kubalalika, ofiira psuu pamwamba pa madzi a bii. Ife sitinadonthedwe n'dontho limodzi lomwe la mvula.

Amayi anakhala pansi, anamasula mwana n'kumupapasa thupi lonse. Mpweya utabwerera anati, "Mvula yoyamba imatsuka mapiri. Phulusa n'lopepuka, limatsogola. Ukaliona, dziwa kuti mwini wake ali m'mbuyomo."

Patapita zaka, ndikuchita satifiketi ya zaulimi ku koleji, aphunzitsi anatiuza kuti akatswiri amayeza kaboni wa m'zinyalala za mumtsinje n'kudziwa ngati zachokera ku udzu ndi chimanga kapena ku mitengo, ndipo kuti zimenezi zimasinthasintha ndi nyengo. Anzanga analemba m'makope. Ine ndinangomva fungo la lupsa, tsaya likutentha.

Pano ndimakhala pa Boma, pafupi ndi khwawa, ndipo ndili ndi mwana wanga, Pemphero. Ndiulule: Novembala akakwana mtima wanga sukhala m'malo. Ndikamachapa ndimangopisapisa dzanja m'madzi, mpaka amuna anga amaseka, "Make Pemphero, mwayambanso kununkhiza mtsinje?" Sabata yatha mwanayu anathamangira mpira wake kukhwawa, kumapiri kutada. Ndinamugwira mkono mwamphamvu moti zala zanga zinadindika pakhungu lake. Anandiyang'ana monga ndinawayang'anira amayi tsiku lija.

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti amayi anali olimba mtima, ndipo ine ndinabadwa wamantha. Koma nditaona dzanja langa likunjenjemera pamkono wa Pemphero, ndinakumbukira chinthu chomwe mbama inandiiwalitsa. Dzanja la amayi nalonso linkanjenjemera, kuyambira powolokera paja mpaka kunyumba, ndipo silinanditaye.