Boma Lakumchira la a Orval Brekke

A Orval Brekke anakalambira pa giledala. M'boma lawo, kumpoto kwa North Dakota, munalibe msewu wafumbi umene sanaupalepo. Nyengo yotentha ankasalaza mabampu, nyengo yozizira ankakankha chipale chofewa kuti basi ya ana asukulu idutse. Akazi a alimi akamva kulira kwa giledala patali ankayambiratu kutereka khofi.

Chaka chilichonse magazini ina inkasanja maboma onse a m'dzikolo, kuyambira labwino kukhalamo mpaka loipitsitsa. Osanjawo ankayang'ana masukulu, zipatala, ntchito, mitengo ya nyumba, umbanda, ngakhalenso malo odyera. Boma la a Orval silinkachoka kumchira. Magaziniyo ikafika m'tiyirumu ya m'tauni, madoda ankalandizana uku akumwa khofi. A Lyle Haugen, mlimi wa tirigu amene anakulira limodzi ndi a Orval, ndiwo ankayambitsa chipongwe.

"Chaka chino takwera, mdala. Tapitirira boma lina la kuchipululu kopanda ngakhale mpope wa madzi."

Anzawo ankaseka, koma a Orval zinkawawawa. Ankafunsa ngati osanjawo anafikapo kuno mu Ogasiti tirigu atacha, kapena ngati anamva za chaka chimene a Lyle anathyoka mwendo, makina okololera a anzawo n'kufola m'munda mwawo mpaka kumaliza dzuwa lisanalowe. A Lyle ankawayankha kuti mwendo wawo usalowe m'ndale.

Mkangano umenewu unatha tsiku limene akazi a Orval, a Darlys, anagwa m'khitchini akusenda maapozi. Ambulansi inabwera msanga ndithu, woyendetsa wake anali mphunzitsi wongodzipereka. Koma chipatala chinali m'boma lina. Msewu unali wosalala, poti a Orval anaupala okha sabata yomweyo, kungoti unali wautali. A Darlys anatsirizikira panjira. Kuyambira pamenepo magazini ikafika, a Orval ankangoyang'ana pawindo.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Jolene, ankakhala kufupi ndi Minneapolis, m'boma limene chaka chilichonse linkapezeka kumutu kwenikweni. Anawanyengerera kwa zaka kuti akakhale naye, mpaka mawondo atayamba kukana masitepe a giledala, anavomera. Nyumba anagulitsa ndi Jolene. Iwo sanafune n'komwe kuona ogulawo.

Kwa Jolene zonse zinali m'malo mwake. Misewu yatala, mapaki, laibulale yotakata kuposa tchalitchi cha kwawo. A Orval ankadzuka m'mamawa n'kusowa chogwira. Akamayendetsa galimoto ankadzutsa chala pachiwongolero kupereka moni monga amachitira kwawo, koma palibe ankabweza. Chipale chitagwa koyamba, anatenga fosholo n'kukonza pakhomo pa Jolene, kenako pa neba. Nebayo anatuluka akumwetulira mwamanyazi, nawauza kuti asavutike, pali kampani imene imachita zimenezo. Anabwerera m'nyumba fosholo ili paphewa, ndipo tsiku limenelo sanadye bwino.

Chaka chachiwiri matenda a mtima anawagwetsa ali pa tebulo. Khofi wawo asanazizire n'komwe anali kale m'manja mwa madokotala. Atatsitsimuka anapeza Jolene atakhala pambali pa bedi, maso ali psuu.

"Anthu a magazini aja sananame, mwanawe," anatero. "Amayi ako akanagwera kuno, bwenzi alipo."

"Gonani, adadi," anatero Jolene.

Atapeza bwino anapempha kuti akaone kwawo nthawi yokolola. Anapeza tiyirumu itatsekedwa, madoda akumwera khofi m'sitolo ya zitsulo. A Lyle, tsopano oyendera ndodo, anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kufunsa ngati anthu a kumutu amaloledwa kukhala pansi ndi akumchira.

Madzulo anauza Jolene kuti angodutsa pa nyumba ija osaima. Koma pabwalo panali mayi akuyanula zovala, ndipo anawakodola. Anali Maribel Carranza. Iye ndi mwamuna wake Eusebio, ochokera ku Mexico, ankagwira ntchito pa famu ya ng'ombe zamkaka. Atamva kuti awa ndi eni nyumba akale, Maribel sanamvenso zokana. Anawakhazika m'khitchini momwe muja, nawapatsa chakudya cha chimanga ndi nyama chophikira m'makoko, cha tsabola wotulutsa misozi. Misoziyo inawathandiza a Orval kubisa ya chisoni.

Eusebio anasimba kuti anakhalapo ku Texas ndi ku California, mabanja awiri m'chipinda chimodzi. A Orval anawafunsa ngati akudziwa kuti boma limene anasankhali ndi lakumchira m'dziko lonse. Maribel anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Agogo, kuno ana anga amapita okha kusukulu pa njinga. Makiyi a chitseko ichi sindikudziwa kumene ali. Amene akuti n'kumchira abwere andifunse ine."

Chimodzi chokha chimene ankadandaula, anatero, chinali chipatala. A Orval anagwedeza mutu.

Sanabwerere kukakhazikika. Mtima wawo unkafuna madokotala pafupi, ndipo iwo ankadziwa. Koma chaka chilichonse tirigu akacha, Jolene ankawasiya kwa a Carranza, iwo n'kumagona m'kachipinda kamene kanali ka Jolene ali mwana. Masana ankakwera m'makina okololera a mwana wa a Lyle, madzulo ankakangana ndi Eusebio za kudulira mitengo ya maapozi. Anachita zimenezi mpaka miyendo inakaniratu.

Anamwalira kwa Jolene nyengo yozizira, koma maliro anadikira kuti nthaka ya kwawo, youma gwa ndi chisanu, ifewe. Amuna a msinkhu wawo anali atatha, moti onyamula bokosi anachita kusakidwa. Eusebio anapempha tchuthi ku famu, nagwira kutsogolo.