Samusa za a Sabiha

A Sabiha a ku Manja ali ndi matenda amodzi osachiritsika: sangaone munthu akupinda samusa molakwika n'kungokhala chete. Amakulanda mtandawo m'manja, kukukhazika pampando, basi phunziro layambika. Theka la azimayi ogulitsa samusa ku Limbe anaphunzira pakhonde pawo, ulere. Ine ndemwe, woyandikana nawo nyumba, ndinangopita kukabwereka sefa koma ndinabwerako ndi luso.

Amati anatengera bambo awo, amene ankaphunzitsa ana za Chisilamu ku madarasa mpaka mawu kusasa. Chimene chinkawapweteka mtima ndi Mwanakombo, mwana wa amuna awo a Abdala, oyendetsa minibasi. Mayi ake atamwalira, a Sabiha anamulera kuyambira ali ndi zaka zitatu. Mtsikanayu anakula wa manja aluso koma woumira nzeru.

"Amayi, mukudzipangira nokha opikisana nawo," ankatero. "Ine zanga sindiuza munthu."

Azimayi a m'dera lathu, pakamwa posatseka, anagamula mlandu: "Mungalere bwanji, magazi si anu." A Sabiha ankaseka nawo, koma ine ndinkaona kuti mawuwo akuwalasa. Ankafunitsitsa kuona kanthu kawo, ngakhale kamodzi, mwa mwanayo.

Loweruka lina ine ndi a Sabiha tinatsika minibasi pa Chichiri. Njala itatipweteka, tinagula samusa kwa mayi wina wachilendo pafupi ndi siteji. A Sabiha asanalume, anaitembenuza kawiri. Ngodya yake inali yopindidwira mkati, yomatidwa ndi phala la ufa, ndendende mmene amachitira iwo.

"Amayi, anakuphunzitsani ndani? Nkhope yanu sindikuikumbuka."

"Kamtsikana kena ka ku Manja, Mwanakombo," anayankha mayiyo. "Kanandipeza samusa zanga zikuphulika m'mafuta. Kanakalipa ngati ndakalakwira, kenako kanabwera masiku anayi otsatizana. Tilipo asanu amene kanatiphunzitsa. Koma kanati tisauze amayi ake, ati angakaseke."

"Anati amayi ake?"

"Eya. Ati ndi amayi ake amene anakapatsira matenda ophunzitsa anthuwa."

A Sabiha anaseka mpaka misozi, anthu odikira minibasi n'kumatiyang'ana. Kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, n'kundigwira dzanja.

"Anzanga, musakamuuze kuti tadziwa," anatero. "Mwana wangayu ndi wamanyazi."