Chitenje cha Anabanda pakhomo la mzungu

Ndikakumbukira Anabanda, mayi achikulire a kwathu omwe tinkayandikana nawo nyumba ndili mwana, ndimamva fungo la tiyi wa mandimu ndi mafuta opaka m'mawondo, lomwe linkatichingamira tikangotuluka m'lifiti pafulati yathu ku North York. Anabwera kuno atatopa ndi ku Ulaya, komwe ankasambitsa nkhalamba zachizungu. Ankatiuza kuti gogo wina kumeneko ankadana ndi kukhudzidwa ndi manja akuda, komabe gogoyo atamwalira, Anabanda anamanga chitenje n'kupita kukakhala pamaliro monga timachitira kwathu. Abale a malemu anawaitanira apolisi.

Moyang'anizana nawo munkakhala mzungu wokalamba, nayenso wochokera ku Ulaya. TV yake inkangobangula ndale za kwawo, ndipo Anabanda, omwe ankamva chilankhulocho, ankati andalewo akukangana zothamangitsa anthu akuda. Ife tikalowa m'lifiti, iye ankatuluka n'kudikira ina.

Tsiku lina mkazi wake anamwalira. Masana ake ndinaona Anabanda atamanga duku, fulasiki ili m'manja.

"Mayi, mwaiwala za apolisi zija?" anatero amayi anga. "Akakukomplenani kwa landlord, m'nyumbamu akuchotsani."

"Pamaliro saitana," anayankha Anabanda.

Anayala chitenje pakhomo pa mzunguyo n'kukhala pansi, miyendo tambalale, osagogoda. Ine ndinkasuzumira. Patapita nthawi chitseko chinatseguka. Bamboyo anawayang'ana, maso ali psuu, kenako anabwerera m'nyumba. Ndinati basi, wapita kukaimba foni. Koma anatuluka ndi mpando. Anabanda anapukusa mutu, pakuti mzimayi sakhala pampando pamaliro. Bamboyo anaima pomwepo, mpando uli m'manja, mpaka anauika pansi n'kukhalapo yekha. Tiyi wa m'fulasiki muja atamuthirira, anamwa.

Ndinkayesa kuti nkhani yatha. Koma sabata yotsatira titalowa m'lifiti ndi Anabanda, bambo uja anatulukanso ngati kale.

"Agogo, why? Ndiye munavutikiranji?"

"Sindinapitire iyeyo, mwanawe. Ndinapitira maliro."

Lero ndine namwino ku Hamilton. Wodwala akapempha kuti amubweretsere namwino wachizungu, ndimaima pakhomo osadziwa ngati ndikwiye kapena ndimumvere chisoni. Mpaka pano sindimvetsa kuti munthu angamwe bwanji tiyi wako n'kukana kukwera nawe lifiti imodzi. Chitenje chija Anabanda anandisiyira. Chimakhala m'chikwama changa cha kuntchito, ndipo ndachiyalapo kale pakhomo la munthu amene sankandiyankha moni.